Funsani Alangizi: mbozi, feteleza, chigodola ndi zina zosowetsa alimi tulo

Mwezi uno makalata ndi mauthenga abwera ambirimbiri moti ena ndangowaphatikiza poti funso lake ndi limodzimodzi. Chomwe chandiseketsa nchoti pafupifupi aliyense, kaya wa chimanga kaya wa nkhumba, akumaliza ndi mawu amodzi, "nde ndigule mankhwala anji?" Ndiyankha ndithu koma mundipirire, mayankho anga ambiri simuwapeza m'botolo. Maina sindilemba ngati mwa nthawi zonse.

FUNSO: Alangizi, chimanga changa changofika m'mawondo koma masamba ali mabowo okhaokha, ndipo pakati penipeni potulukira tsamba latsopano padzadza zinthu ngati utuchi. Ndapopera kawiri koma mbozi zikadali mommo. Kodi anandigulitsa mankhwala abodza? — Mayi wa ana anayi

YANKHO: Amayi, mankhwala abodza aliko inde, koma tisathamangire kumeneko. Utuchi mukuuonawo ndi ndowe za mbozi, ndipo mbozi yake ndi ntchemberezandonda zachilendo zija. Tulutsani imodzi muiyang'anitsitse, pamutu pali chizindikiro ngati Y wozondoka ndipo cha kumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za bokosi. Mukaona zimenezo ndi yomweyo basi.

Kwawo kwa mboziyi ndi ku America. Ku Africa inaoneka koyamba kumayambiriro kwa 2016 cha kumadzulo, pofika 2018 inali ku India, 2019 ku China, 2020 ku Australia. Make wa mboziyi ndi kagulugufe kouluka usiku, mphepo ikakankha kamatha kudula makilomita 100 usiku umodzi, nde amene akudikira kuti tsiku lina idzatha angoiwalako, inabwera kudzakhala iyi.

Tsono chomwe mankhwala akukanikira nchiyani? Kagulugufeko kamaikira mazira pa tsamba mulu umodzi 100 kapena 200, okutidwa ndi kaubweya kotuwa, ndipo kunja kukatentha amaswa patangopita masiku awiri kapena atatu. Timbozi tongoswato timapala tsamba pamwamba pokha nkusiya timawanga toonekera ngati pepala lodontheredwa mafuta, nthawi yoti mankhwala agwire ndi imeneyoyo. Inu mwaipeza itakula kale, yalowa mkati mwa phesi nkudzitsekera ndi ndowe zake zomwe, nde mukapopera masana dzuwa lili paliwombo mukungotsuka masamba iyo ili phee mkatimo. Poperani m'mamawa kwambiri kapena madzulo, kamwa la sipuleya liloze pakati penipeni pa phesi lililonse, osati kumangoyenda mukugwedeza mkono ngati mukuthirira maluwa. Komanso mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka mbozi zimawazolowera. Ndipo kusintha dzina la pa botolo sikusintha mankhwala ayi, werengani timalemba ting'onoting'ono tonena zomwe zili mkatimo, pena mabotolo awiri osiyana maonekedwe amakhala chinthu chimodzi.

Koma chomwe ndimalimbikira ine ndi kuyendera munda, kawiri pa sabata kuyambira pomwe chimanga chamera. Imani malo asanu otalikirana, malo aliwonse yang'anani mapesi 10, onse akwane 50. Ngati ogwidwa sakufika 10 ndipo chimanga chikadali chaching'ono sungani ndalama zanu, tswanyani mazira ndi timbozito ndi zala. Zonyansa inde koma zimathandiza. Alimi ena amathira kamchenga, dothi kapena phulusa pakati paja, ena zimawayendera ena ayi, ine sindiletsa bola phulusa lisachuluke limawaula masamba. Musaiwalenso kuti m'mundamo muli nyerere ndi mavu zomwe zimadya mbozi osakulipiritsani, mukamapopera chisawawa zimayamba kufa ndi zimenezo.

Masamba obooka asakuopseni kwambiri, chimanga chodya bwino chimaphukanso nkubereka ndithu. Kuluza kwenikweni kumabwera mbozi ikadula mtima wa phesi kapena ikalowa m'chimanga chenichenicho chitabereka. Chaka chamawa yesetsani kudzala pamodzi ndi anzanu ndi mvula yoyamba yokwanira, munda wochedwa ndi umene mbozi zonse za m'dera zimasamukirako poti ndi wokhawo wanthete. Palinso njira ina yomwe akatswiri a bungwe la icipe ku Kenya anayambitsa, yodzala desmodium (chomera cha mtundu wa nyemba) pakati pa mizere ndi nsenjere m'mbali mwa munda, fungo la desmodium limathamangitsa agulugufe. Imafuna khama chaka choyamba koma wa ng'ombe amapindula pawiri poti zonsezo ndi chakudya cha ziweto.

FUNSO: Achikulire, ine ndangoyamba kumene ulimi ndipo feteleza wakwera moti ndakwanitsa thumba limodzi lokha la yureya pomwe munda ndi maekala awiri. Ndingowaza pang'onopang'ono kuti paliponse palaweko? Komanso feteleza ameneyu akungokwereranji, kapena ogulitsa akutibera? — Mnyamata wongoyamba

YANKHO: Mphwanga, ndiyambe ndi funso lachiwirilo poti ambiri amandifunsa. Ogulitsa adyera alipo, koma nkhaniyi inayambira kutali. Yureya amapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka, nde gasi akakwera naye amakwera. Mu 2021 gasi anakwera koopsa ku Ulaya mpaka mafakitale ena kuchepetsa ntchito, chaka chomwecho China inayamba kuumira feteleza wake kuti asamatuluke wambiri, kenako mu February 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inabuka pomwe Russia ndi mmodzi mwa ogulitsa feteleza akuluakulu padziko lonse. Mitengo ya pa msika wa dziko lonse inadzatsikako pambuyo pake, koma kumene ndalama ya dziko yafooka komanso feteleza amayenda mtunda wautali kuchokera kudoko, mlimi kutsikako sanakuone nkomwe.

Zowaza zija usayerekeze. Yureya ndi 46 pa 100, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 chakudya chenicheni cha mbewu, nayitrojeni, ndi makilogalamu 23 basi, ndipo ukamumwaza pamtunda osakwirira gawo lina limasanduka mpweya nkuuluka, fungo lobaya mphuno lija ndi ndalama zako zikupita. Sankha chigawo chimodzi cha munda, chomwe nthaka yake ili bwinoko ndipo ungakwanitse kupalira pa nthawi yake. Thira patatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera, nthaka ili yonyowa, boola kadzenje potalikira ngati chala chako kuchokera pa phesi, yeza ndi kachitsekero ka botolo kuti phando lililonse lilandire mofanana, nkukwirira. Upalire kaye usanathire, apo ayi ukudyetsa udzu. Uzidziwanso kuti yureya ndi wobereketsa chabe, mulibe fosiforasi wothandiza mizu, nde poti wokulitsa ulibe ikamo manyowa owola bwino m'mapando podzala.

Chigawo chotsalacho dzalamo mbewu za mtundu wa nyemba, soya, mtedza, nandolo, khobwe. Zimenezi zimadzipangira zokha nayitrojeni kuchokera mu mpweya mothandizidwa ndi tizilombo tokhala m'timatuza ta ku mizu. Ukafuna kuona ngati fakitale yako ikugwira ntchito, zula tsinde limodzi likayamba maluwa, thothola katuza kamodzi ukang'ambe ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiirira ngati nyama ndiye kuti zili bwino, mukakhala moyera kapena mobiriwira palibe chikuchitika, ndipo soya makamaka amafuna umusakanize ndi inokulanti, mankhwala okhala ndi tizilombo tomweto, podzala. Chaka chamawa chimanga chipite pomwe panali nyembazo.

Chinanso chomwe anthu safuna kumva, pali minda ina olo uthire matumba angati siyankha chifukwa nthaka yake inachita asidi. Akaiyeza nkupeza pH (muyezo wa asidi m'nthaka) yotsika kuposa 5.5 mizu imapinimbira ndipo fosiforasi amamangika m'dothi mbewu osamupeza, mankhwala ake ndi laimu osati feteleza wina. Ukaona kaufiti wachuluka dziwa kuti nthaka yatopa. Ndipo mapesi usamaotche mphwanga, ndikamaona utsi m'minda mtima umandipweteka.

FUNSO: Bambo alangizi, nkhumba zanga 7 zafa m'masiku asanu okha. Zinayamba kukana chakudya, kugona mounjikana, makutu ndi pamimba kufiira. Ndabaya jakisoni wa oxytetracycline koma palibe chasintha. Zatsala zitatu, ndiganiza ndiziphe ndigulitse nyama ndisaluze zonse. Nanga katemera alipo? — Bambo wosweka mtima

YANKHO: Achimwene pepani kwambiri, ndikudziwa mmene zimapwetekera. Pa kalata munthu sayeza matenda, aitaneni a vetenale lero lomwe adzatenge magazi, koma mmene mwalongosoleramu zikufanana zedi ndi chigodola cha nkhumba. Ngati ndi chimenecho jakisoni uja mwangotaya, oxytetracycline amapha mabakiteriya pomwe chigodola ndi vairasi, ndipo mankhwala ochiza palibe.

Nyama ija musagulitse chonde. Anthu sadwala chigodola, nchifukwa chake ambiri amati palibe vuto, koma kachilombo kake ndi kouma mutu, kamakhala moyo miyezi m'nyama yoyanika kapena yothira mchere ndipo m'firiji youmitsa nde kamakhalitsa kuposa pamenepo. Wogula akakatsuka nyama, madziwo ndi zotsala nkuponyera nkhumba zake, khola lina lapita, ndipo mawa mukadzagulanso ana a nkhumba matenda adzabwerera kwa inu nomwe kuchokera kwa anzanuwo. Umo ndi mmene amayendera dziko lonse. Anawalemba koyamba ku Kenya mu 1921, mu 2007 anatulukira m'dziko la Georgia ndipo akatswiri amaganizira zotsala za chakudya cha m'sitima ya pamadzi, mu August 2018 analowa ku China komwe kunali pafupifupi theka la nkhumba zonse za padziko, ndipo mu 2021 anafika ku Dominican Republic ndi ku Haiti. Nkhumba siwoloka nyanja yokha, amaiwolotsera matenda ndi anthu.

Ndikuuzeni zanga. Zaka zapitazo mnzanga anandiitana kuti ndikaone nkhumba yake yomwe inkangogona, ndinalowa m'khola nkuigwira makutu, kutentha ngati mbaula, ndinamulangiza bwinobwino ngati katswiri, nkubwerera kwathu ndi majombo omwewo mpaka m'khola mwanga kukapereka chakudya chamadzulo. Sabata isanathe kawiri ndinali ndikukumba dzenje. Palibe amene ndikanamuloza chala, matenda ndinawanyamula ndekha kuphazi.

Nde chitani izi. Zakufazo kwirirani dzenje lakuya pafupifupi mamita awiri kutali ndi chitsime, agalu asafukule. Zitatu zotsalazo zisatuluke, ndipo munthu wina aliyense asalowe m'khola, makamaka ogula nkhumba aja oyenda khola ndi khola, aziima panja. Mukhale ndi nsapato za m'khola zokhazokha. Zotsala za kukhitchini ngati simungachitire mwina ziwiritseni mphindi 30 musanapatse nkhumba, ndipo zobwerekana nkhumba yamphongo pa nthawi ngati ino ziime kaye. Zonse zikatha tsukani khola ndi sopo kenako mankhwala ophera tizilombo, likhale lopanda kanthu masiku osachepera 40 kapena kuposa apo mmene a vetenale anenere, ndipo poyambiranso ikani imodzi kapena ziwiri kaye muone. Ngati khola lili ndi ming'alu yambiri samalani, muli nkhupakupa zofewa zomwe zimasunga kachilomboka nthawi yaitali, zomwezo zimakhalanso m'mauna a njiri.

Za katemera, dziko la Vietnam linavomereza wake mu 2023 koma m'maiko ambiri sanafike ndipo sanaloledwe. Wina akabwera ndi kabotolo m'chikwama nkumati ndi katemera wa chigodola, muuzeni apitirire.

FUNSO: Mbewu ya haibulidi yadula. Ndingasankhe zisononkho zikuluzikulu za chaka chatha nkudzalanso? — Mlimi wa chimanga

YANKHO: Chimera ndithu, koma ana a haibulidi safanana ndi kholo lawo, munda umatuluka wina wamtali wina wamfupi wina wochedwa ndipo zokolola zimatsika, olo musankhe chokongola bwanji. Ngati mukufuna mbewu yobwereza funsani ya mtundu wa OPV, yomwe si haibulidi, imeneyo mutha kuibwereza mpaka kawiri kapena katatu bola munda wake usayandikane kwambiri ndi chimanga china. Ndipo pogula samalani ndi chimanga wamba chopaka utoto, gulani paketi yomata bwino yokhala ndi chizindikiro cha oyeza mbewu, lisiti musunge. Musanadzale werengani njere 100 muzikulunge m'kansalu konyowa, pakatha sabata muwerenge zomera, zikachepera 90 pali nkhani.

FUNSO: Alangizi, bambo anga ali ndi ng'ombe 12. Msipu watha, madzi tikukamwetsa kutali, ndipo pa wailesi akuti mvula ichedwa chifukwa cha El Niño. Ine ndikuti tigulitseko zina koma iwo akukana kwamtuwagalu akuti khola silichepetsedwa chifukwa cha dzuwa. Ndiwauze bwanji? Nanga El Niño ameneyu ndi chiyani kwenikweni? — Mwana wamkazi wodandaula

YANKHO: Achemwali, El Niño ndi pamene madzi a pamwamba pa nyanja ya Pacific, cha pakati ndi kum'mawa, atentha kuposa nthawi zonse, mphepo nkusintha kayendedwe, mvula nkukagwa kolakwika. Zimachitika pakapita zaka ziwiri mpaka 7, ndipo zazikulu zomwe anthu amakumbukira ndi za 1997/98, 2015/16 ndi 2023/24. Kawirikawiri kumwera kwa Africa, Australia ndi Indonesia kumauma pomwe kum'mawa kwa Africa ndi ku Peru kumasefukira. Sikuti nthawi zonse zimatero ndendende, koma mlimi wanzeru akamva amakonzekera.

Bambo anu ndikuwamvetsa, ng'ombe iliyonse amaidziwa ndi dzina lomwe, nde musapite ndi mawu oti "gulitsani", mukangana pachabe. Khalani nawo pansi muwerengere limodzi. Ng'ombe imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi magawo awiri ndi theka pa 100 a thupi lake tsiku lililonse, ya makilogalamu 300 ndiye kuti 7 kapena 8 pa tsiku. Ng'ombe 12 ndi makilogalamu 90 pa tsiku, miyezi itatu ndi matani 8 ndi kanthu. Kenako muwafunse mwaulemu kuti bambo, matani 8 amenewa ali kuti? Madzinso, iliyonse ikufuna malita 30 kapena 40 pa tsiku kunja kukatentha, yoyamwitsa kuposa apo, ndipo mtunda wopita kumadziwo ukudyanso thupi lomwelo. Akaona okha kuti chakudya chilipo chikukwana ng'ombe 8 adzanena okha zoyenera kuchita.

Vuto la kudikira nlakuti aliyense amadikira. Tsiku lomwe nthiti zayamba kuwerengeka anthu onse amathamangira kumsika nthawi imodzi ndi ng'ombe zowonda, ogula nkumatchula mtengo womwe akufuna, pomwe wogulitsa lero ng'ombe idakali ndi mnofu ndalama yake itha kugulira zotsalazo chakudya. Zoyamba kuchoka zikhale zokalamba zomwe mano atha, yaikazi yomwe yatha zaka ziwiri osabereka, ndi zamphongo zomwe sizikoka ngolo kapena khasu. Misoti ndi zazikazi zobereka bwino zitsale, khola limadzukira pamenepo.

Ndipo chenjerani ndi mvula yoyamba, ng'ombe zofooka zambiri zimafa nthawi imeneyo osati pakati pa chilala. Zimagwidwa ndi kuzizira, zimathamangira chilichonse chobiriwira pomwe zina zoyamba kuphuka ndi zapoizoni, ndipo mapira ophukira kumene pambuyo pa ng'amba amakhala ndi poizoni wopha ng'ombe msangamsanga. Muzizipatsa kaye mapesi kapena udzu wouma m'mawa zisanatuluke. Nkhupakupanso zimabuka nthawi yomweyo nde dipi isadumphe. Chaka chamawa udzu mumwete ukangoyamba ngala udakali wobiriwira, muumitse nkuusunga pa mthunzi pamodzi ndi masangwi a mtedza, osadikira kuti uume wokha kutchire poti pamenepo watsala ndi mapesi chabe.

FUNSO: Aboma atseka misika ya ziweto kwathu kuno akuti kwabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Zanga zili bwinobwino, palibe yotsimphina olo imodzi, ndipo ndili ndi ngongole yoti ndibweze. Ndikaziwolotsa usiku kukagulitsa kwina ndalakwa chiyani? — Woweta ng'ombe

YANKHO: Akulu, mwalakwa musanayambe. Ng'ombe imatha kutenga kachilomboka nkukhala masiku awiri mpaka 14 osaonetsa kanthu, ndipo imayamba kupatsira zinzake dovu lisanayambe kutuluka mkamwa, nde "zili bwinobwino" wanuyo sakutsimikiza kalikonse. Matendawa amagwira ziweto zonse za ziboda zogawanika, ng'ombe, nkhumba, mbuzi, nkhosa, ndipo nkhosa ndi mbuzi nthawi zambiri zimangoyenda nawo osaoneka kudwala. Ku Africa njati zakutchire zimasunga kachilomboka. Amayenda pa matayala a galimoto, pa nsapato, mu mkaka, ngakhale mu mphepo.

Anthu amawaderera poti ng'ombe zikuluzikulu sizifa kawirikawiri, koma ana a ng'ombe amafa, mkaka umauma, yokoka ngolo imakhala pansi milungu, ndipo dziko lonse limatsekeredwa misika ya kunja. Ku Britain mu 2001 anapha ziweto zoposa 6 miliyoni kuti awathetse. Germany inakhala opanda matendawa kuyambira 1988 koma mu January 2025 anapezeka pafupi ndi Berlin, ndipo mu March chaka chomwecho anabukanso ku Hungary ndi ku Slovakia. Mitundu ya kachilomboka ilipo 7 ndipo katemera wa mtundu wina sateteza ku unzake, nchifukwa chake a vetenale amayamba ayeza kaye.

Ngongoleyo ndi nkhani yeniyeni, sindikuipeputsa ayi, ndipo kunena zoona maboma ambiri amafulumira kutseka misika koma kuchedwa kuganizira woweta amene watsekeredwa. Pitani kwa amene anakukongozaniyo ndi chikalata cha chiletsocho mukapemphe kuti akusunthireni tsiku, ndipo ngati muli pa gulu pitani ngati gulu. Mukagwidwa usiku muluza ng'ombe, ngongole ili pomwepo.

FUNSO: Chimanga china chachita chuku m'matumba. Kutaya ndikuona kuwawa, ndingagayitse ndipatse nkhuku ndi ng'ombe ya mkaka? Komanso chabwinocho mavenda akundivutitsa kuti ndigulitse pano. — Mayi wamasiye

YANKHO: Amayi, ayi musatero. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo anamutulukira chifukwa cha ziweto zomwezo, mu 1960 ku England nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wa chuku. Nkhuku zimasiya kukula ndi kuikira, ndipo ng'ombe ikadya poizoniyo amatulukira mu mkaka womwe ana anu amwe. Kuphika kapena kukazinga sikumupha. Kwa munthu amaononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, akachuluka amapha msanga, ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya chimanga chotere. Chowolacho sankhani mukwirire kapena muotche.

Chotsalacho chiyanikeninso pa lona kapena pa mkeka osati pa dothi. Chimanga chosunga chimafuna chinyezi chisapitirire 13 pa 100, ndipo poti makina oyezera si aliyense ali nawo tengani botolo la galasi louma bwino, ikanimo chimanga chodzadza dzanja ndi supuni ya mchere wouma, tsekani mukhutchumule mphindi ziwiri nkulisiya kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo chimanga sichinaume. Chikauma, matumba osalowa mpweya aja ngati a PICS, omwe anapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue, amathandiza zedi, ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba kunja, anankafumbwe amabanika okha popanda mankhwala. Mangani pulasitiki iliyonse payokha mutafinya mpweya, ikani pa matabwa osagunda khoma, musamatsegule pafupipafupi, ndipo khoswe akaboola basi lasanduka thumba wamba.

Za mavenda, iwo akudziwa kuti nthawi yokolola aliyense ali ndi chimanga ndipo aliyense akufuna ndalama, nchifukwa chake akukuumirirani pano. Werengani kaye chakudya cha pakhomo mpaka kukolola kwina muike padera, gulitsani chochepa chothetsera vuto la lero, chinacho chidikire ngati chauma bwino. Mukamagulitsa musakhale nokha, phatikizanani ndi anzanu, ndipo musanapachike thumba lanu pa sikelo yawo yambani mwapachikapo chinthu chomwe kulemera kwake mukukudziwa kale. Akakwiya ndiye kuti mwapeza.

FUNSO: Chaka chilichonse chitopa chimandisesera nkhuku zonse. Ndamva za katemera wodonthezera m'maso, ndimupereke zikayamba kudwala? — Agogo oweta nkhuku

YANKHO: Agogo, zikayamba kudwala mwachedwa kale, katemera sachiza, amateteza zomwe zili bwino ndipo amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti agwire. Amene mwamvayo ndi I-2, anapangidwa ku Australia ndipo ubwino wake amapirirako kutentha kusiyana ndi akatemera ena, komabe musamuike padzuwa, mukulungeni m'kansalu konyowa poyenda naye. Perekani miyezi inayi iliyonse kwa nkhuku zonse ndi anapiye omwe, ndipo muuzane ndi oyandikana nawo mutemere tsiku limodzi poti botolo limodzi limakwana nkhuku zambiri. Nkhuku yogula kapena yopatsidwa izikhala payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake. Zikamafa zambiri mwadzidzidzi olo munatemera, musadye ndipo musazigwire ndi manja, itanani a vetenale poti chimfine cha mbalame chimafanana ndi chitopa koma icho chimatha kugwira munthu, ku America mu 2024 chinapezeka mpaka mu ng'ombe za mkaka.

Tsiku lotemera musazitsegulire m'mawa, muzizitulutsa imodziimodzi pakhomo la khola. Mdzukulu agwire nkhuku chammbali mutu utapendekeka, inu dontho limodzi m'diso limodzi, kamwa la botolo lisakhudze diso, ndipo mudikire iphethire dontholo lilowe musanaisiye.